Display Driver Uninstaller: Kodi Imachiza Photoshop Ikamadandaula za Dalaivala Wakale?

Uthengawu umakonda kupweteka anthu Lolemba m'mawa. Memori khadi yadzaza ndi zithunzi za chinkhoswe cha Loweruka, eni ake ayamba kale kuimba foni, ndiye mukutsegula Photoshop kapena Lightroom Classic n'kupeza kabokosi kakuti dalaivala wa graphics ndi wakale, kapena kuti sakugwirizana ndi pulogalamuyo. Nthawi zina kabokosiko sikabwera n'komwe. Mumangoona chithunzi chikuphethira mukamachikuza, Liquify ikukoka mwendo, Oil Paint yatuwa osatheka kuidina, kapena pamene payenera kukhala nkhope ya mkwatibwi pali bokosi lakuda bii.

M'masitudiyo a ku Old Town, Area 25 ndi Kawale mu Lilongwe, malangizo amene amayenda kwambiri pa vutoli ndi awiri. Ena amati ipititseni akaifomate. Ena, amene anazama pang'ono, amati ingodutsitsani DDU. DDU imeneyi, dzina lake lonse Display Driver Uninstaller, ndi kapulogalamu kaulere ka kampani ya Wagnardsoft, ndipo ndi kamene tikukaunika pano. Maganizo athu tiwanene poyambirira: pa ntchito imene kanapangidwira, palibe kanzake kofanana nako. Koma ntchitoyo ndi imodzi yokha, pamene chenjezo la dalaivala limabwera pa zifukwa zitatu zosiyana. Ambiri amene akukhumudwa nako akumwa mankhwala abwino pa matenda ena.

Dalaivala ndi pulogalamu imene imaima pakati pa Windows ndi kachipangizo kojambula zonse zooneka pa sikirini, kamene amati GPU kapena khadi la graphics. Photoshop ikafuna kutembenuza chithunzi kapena kusalaza khungu, siilankhula ndi GPU mwachindunji. Imatuma dalaivala kudzera mu DirectX 12, njira ya Windows imene mapulogalamu amapemphera ntchito kwa GPU. Poyaka, imayamba yafunsa kuti khadili ndi la mtundu wanji, lili ndi memori yochuluka bwanji, ndipo dalaivala wake ndi uti. Yankho likapanda kuisangalatsa, imaonetsa chenjezo kapena imangozimitsa mbali ya GPU mwakachetechete. Pa Photoshop ya zaka zino, Adobe imafuna khadi la DirectX 12 lofika pa feature level 12_0 (mulingo wa zimene khadi lingathe kuchita), memori yosachepera 1.5 GB, ndipo imanena poyera kuti makhadi opitirira zaka 7 siwayesanso.

Choncho zifukwa zitatu zija ndi izi: mwina dalaivala ndi wakaledi ndipo watsopano alipo. Mwina dalaivala ndi watsopano koma anakhala pamwamba pa zotsalira za akale, n'kusokonezeka. Kapenanso khadi lenilenilo ndi limene lakalamba, moti dalaivala amene muli nayeyo ndi womaliza amene kampani yake inatulutsa. DDU imachiza chachiwiricho. Choyamba sichifuna DDU, ndipo chachitatu palibe pulogalamu imene ingachichize. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma, ndipo kuidziwa kumatenga mphindi ziwiri popanda kuwononga bandulo.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, kenako Enter. Apa pali msampha umene umakola ngakhale amisiri okonza makompyuta. Patsamba loyamba, la System, pansi pamalembedwa DirectX Version: DirectX 12, munthu n'kusangalala kuti zonse zili bwino. Mzere umenewo ukunena za Windows, osati za khadi lanu. Pitani patsamba la Display, yang'anani kumanja pa Feature Levels. Ngati nambala yaikulu pamenepo ndi 12_0 kapena kupitirira apo, khadilo likadali ndi moyo. Ngati ikuyambira pa 11_1 kapena 11_0, Photoshop yatsopano sidzakhutira nalo ngakhale mutaika dalaivala kakhumi. Pamalo omwewo muona Version ndi Date. Laputopu ya makhadi awiri imakhala ndi tsamba lina la Render, ndipo nalonso liwerengeni chimodzimodzi.

Dzina la khadi likalembedwa kuti Microsoft Basic Display Adapter, ndipo deti lake ndi la chaka cha 2006, musadabwe. Zimenezo zikutanthauza kuti mulibe dalaivala weniweni, Windows ikungogwiritsa ntchito wake wongogwirizira. Izi zimachitika kawirikawiri pa kompyuta imene yangofomatidwa kumene n'kubwezedwa kwa mwini wake isanalumikizidwe pa intaneti.

Nambala ya NVIDIA imasokonezanso. Windows imaonetsa zinthu ngati 31.0.15.3623, pamene patsamba la NVIDIA amalemba nambala yaifupi. Tengani manambala asanu omalizira, 53623, ikani kadontho asanafike awiri omaliza: 536.23. Imeneyo ndiyo muziyerekeza ndi imene ili patsamba lawo.

Tsopano tinene za malaputopu amene adzaza m'mashopu a mumzinda muno, obwera atagwirapo kale ntchito m'maofesi akunja. HP EliteBook 840 G1, Dell Latitude E7440 ndi ThinkPad T440 ali ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachinayi, ndipo graphics yake yofala ndi HD 4400. EliteBook 840 G2 ndi ThinkPad T450 ndi a m'badwo wachisanu, HD 5500. Onsewa amathera pa 11_1. Pa m'badwo wachinayi Intel inachita kutsekeratu DirectX 12 m'madalaivala ake omalizira chifukwa cha vuto la chitetezo. Wogulitsa akamakuuzani kuti ndi Core i7, akunena zoona, koma i7 ya 2013 siisintha zimenezi. Kuyambira m'badwo wachisanu ndi chimodzi, monga EliteBook 840 G3, Latitude E7470 ndi ThinkPad T460 okhala ndi HD 520, komanso a m'badwo wachisanu ndi chitatu a UHD 620, feature level imafika 12_1. Amenewa amatha kugwira ntchito, ngakhale kuti mu 2022 Intel inaika mibadwo ya 6 mpaka 10 m'gulu la akale, limene limangolandira zokonza zofunikira kwambiri mwa apo ndi apo. Ndiye dalaivala wa makina otere akamayamba ndi 31.0.101.2, musavutike kusaka wa nambala yaikulu imene mwaiona pa kompyuta yatsopano ya mnzanu. Mzere wanu ndi womwewo.

Chomata chobiriwira cha NVIDIA pa laputopu nachonso chisakunamizeni. GeForce 930MX, 940MX ndi MX130 amathera pa 11_0, moti pa laputopu yotere zimatheka kuti Intel ya m'kati ndi imene ikukwanitsa zimene Photoshop ikufuna, pamene khadi limene munalipirira ndalama zowonjezera likulephera. MX150 ndi anzake otsatira ali bwino.

Ngati dxdiag yaonetsa kuti khadi lili bwino, yambani ndi njira yofewa. Dalaivala mukamutenge kwa mwini wake: NVIDIA, AMD kapena Intel. Pa laputopu yambani mwayang'ana kwa amene anaipanga, polemba nambala ya makinawo, monga Service Tag ya Dell imene imakhala kunsi. Dalaivala wa HP kapena Lenovo amakhala wotsalirako m'mbuyo, koma anamukonzera makina amenewo, ndipo ndi amene amasamala za kuwala kwa sikirini, kugona ndi kudzuka kwa laputopu, ndi sikirini yachiwiri. Akakhala wakale kwambiri moti Photoshop ikumukanabe, mpamene mupite kwa Intel. Kuyambira 2020 Intel inamasula madalaivala ake a m'badwo wa 6 kupita m'tsogolo kuti azilowa pamwamba pa a kampani ya laputopu, kotero uthenga wakale uja woti dalaivalayu sanavomerezedwe pa kompyuta iyi sukuonekanso kawirikawiri pa makina amenewa.

Kwa NVIDIA sankhani Studio Driver ngati khadi lanu lili nayo, m'malo mwa Game Ready. Mkati mwake ndi ofanana kwambiri, koma wa Studio satuluka pafupipafupi ndipo amayesedwa ndi mapulogalamu ojambulira. Munthu wokonza zithunzi alibe chifukwa chothamangira dalaivala amene watulukira masewera a sabata ino. Poika, dinani Custom, kenako chongani Perform a clean installation. AMD ili ndi chofanana nacho, Factory Reset. Mabokosi awiriwa amachita gawo lalikulu la ntchito ya DDU popanda kulowa mu Safe Mode (kuyatsa Windows ndi zofunikira zokha, mmene DDU imagwiritsidwira ntchito), ndipo kwa anthu ambiri nkhani imathera pamenepo. Batani la Update driver la mu Device Manager lisiyeni. Limakuuzani kuti muli kale ndi dalaivala wabwino koposa, pamene langoyang'ana amene ali m'kompyuta momwemo.

DDU imalowa pamene mwachita zonsezo koma vuto silikusuntha: chenjezo likubwerabe, dxdiag ikuonetsabe nambala yakale, kuika kukuthera pakati ndi uthenga wolephera, kapena mwachotsa khadi la AMD n'kuikamo la NVIDIA. Chifukwa chake n'choti kuchotsa dalaivala mwa njira wamba sikumachotsa zonse. Windows imasunga makope a madalaivala akale m'nkhokwe yake, imasiya mizere mu registry (kaundula wa Windows), ndipo mafoda a zosankha zakale amatsala. Dalaivala watsopano amatola zotsalirazo n'kutengera matenda omwewo, kapena Windows imangobwezeretsa wakale uja kuchokera m'nkhokwemo. DDU imasesa malo onsewa nthawi imodzi.

Kapulogalamuka n'kakang'ono, ma MB ochepa chabe. Chodya bandulo ndi dalaivala mwini wakeyo: wa NVIDIA amaposa 600 MB, ndipo a Intel ndi AMD atsopano nawonso ndi a ma MB mazana angapo. Mutsitseni musanayambe chilichonse, mumusunge pa Desktop, ndipo kope lina pa flashi. Intaneti ikaduka pakati fayilo imatha kuoneka ngati yatha koma ili yopereŵera, choncho yerekezani kukula kwake ndi kumene alemba patsambalo. DDU yokhayo itengeni kwa Wagnardsoft kapena ku Guru3D, kumene eni ake amaiika. Masamba ena amene amatulukira pamwamba mukasaka amaikulunga ndi zinyalala zina.

Musanalowe mu Safe Mode pali chinthu chimene anthu amachidumpha n'kulira pambuyo pake. Onani ngati diski yanu ili yokiyidwa ndi BitLocker. Malaputopu ochokera m'maofesi, ndiponso ambiri a Windows 11, amakhala okiyidwa mwini wake osadziwa. Polowa mu Safe Mode kompyuta ingakufunseni kiyi ya manambala 48, ndipo ngati mulibe, zithunzi za anthu zili m'katimo simuzifikira. Kiyi imeneyi nthawi zambiri imapezeka mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa pa makinawo. Ilembeni papepala, kapena imitsani kaye BitLocker. Dziwaninso pasiwedi yeniyeni ya kompyutayo, osati PIN yokha. Ndipo zithunzi za makasitomala zikopereni kaye pa diski ina. DDU siikhudza zithunzi, koma magetsi akathima pakati pa ntchitoyi Windows ingakane kuyaka, ndipo pamenepo mudzafuna mtima uli m'malo. Laputopu ya batire yakufa, imene imazima chingwe chikangosolola, kapena desktop yopanda UPS, muigwire pa nthawi imene mukudziwa kuti kwanuko magetsi sakuthima.

Kenako zimitsani Wi-Fi ndi kuzula chingwe cha intaneti. Mfundo imeneyi ndi imene imasiyanitsa ntchito yotheka ndi yobwereza. DDU ikangochotsa dalaivala, Windows Update imaona kuti khadi lili lopanda dalaivala n'kuthamangira kuikamo wake, amene nthawi zambiri ndi wakale yemwe uja. Inu mukamati muike wanu, awiriwo amalimbana, ndipo mwabwerera pamene munayambira.

Gwirani Shift uku mukudina Restart. Sankhani Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako dinani 4 kuti mulowe mu Safe Mode. Kompyuta ikayaka, tsegulani DDU kuchokera m'foda imene munaimasulira pa diski ya m'kati. Kumanja sankhani GPU, pansi pake sankhani NVIDIA, AMD kapena Intel. Mabatani aakulu ndi atatu. Clean and restart ndi limene mukufuna. Clean and shutdown ndi la pamene mukufuna kuzula khadi n'kuikamo lina. Lapakatilo, losayatsanso kompyuta, limathandiza mukamachotsa madalaivala a makampani awiri motsatizana. Mu Options siyani chochonga chopanga restore point chili choncho, chifukwa ndi njira yanu yobwerera. Kusesako kumatenga mphindi zochepa. Kompyuta ikayakanso zilembo zidzaoneka zikuluzikulu ndipo sikirini yachiwiri ingakhale yakuda. Sichinawonongeke chilichonse, dalaivala wongogwirizira uja ndi amene wagwira ntchito. Ikani dalaivala wanu wa pa Desktop, yatsaninso kompyuta, ndipo pokhapo mpamene mubwezeretse intaneti. Pa laputopu ya makhadi awiri, yambani ndi Intel kenako NVIDIA, chifukwa pa makina ambiri otere sikirini inalumikizidwa ku Intel ndipo khadi linalo limadutsira kwa iyeyo.

Zimene timaikondera DDU n'zoti imachita zimene yanena basi. Siitsala ikuyendayenda kumbuyo, ndipo siiika dalaivala aliyense, kotero amene walowa m'kompyuta mwanu ndi amene mwamusankha nokha. Eni ake amaikonzanso pafupipafupi kuti igwirizane ndi madalaivala atsopano, chifukwa chake musamagwiritse ntchito kope la zaka zitatu lokhala pa flashi.

Zofooka zake ziliponso, ndipo si zazing'ono. Siikuuzani ngati mukuifunadi. Munthu wa HD 4400 imamulola kusesa bwinobwino, iye n'kutha bandulo ndi theka la tsiku, chenjezo n'kubwera momwemo. Siikuchenjezani mokwanira za BitLocker. Imachotsanso zosankha zanu zonse za mu NVIDIA Control Panel kapena AMD Software, zimene kwa wojambula zili ndi zotsatira zimene tizifotokoza pansipa. Pa malaputopu ena, mukasesa dalaivala wa kampani yake n'kuika wa Intel wamba, mabatani ochepetsa kuwala amasiya kugwira ntchito kapena makina amakana kudzuka mukatsegula chivindikiro. Zikatero bwererani kwa dalaivala wa HP, Dell kapena Lenovo. Ndipo mu Options muli chochonga choletsa Windows kutsitsa madalaivala. Chimathandiza pa tsikulo, koma anthu amachiiwala, n'kudzadabwa mwezi wamawa pulinta yatsopano ikukana kudziika yokha.

Nkhani ya Windows Update kubwezera dalaivala wakale patapita masiku ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa anthu amaganiza kuti DDU yalephera. Windows posankha dalaivala siiyang'ana deti lokha. Imayang'ana kaye amene akufanana kwambiri ndi nambala ya chipangizocho, ndipo dalaivala wa kampani ya laputopu amafanana nacho kuposa wamba, ngakhale akhale wa zaka zinayi. Zikachitika, musasese kachiwiri. Tsegulani Device Manager, Display adapters, dinani kawiri pa khadi, tsamba la Driver, kenako Roll Back Driver. Zimenezi zimabwezera amene munaika uja. A Windows Pro angatsekeretu khomo limeneli mu gpedit.msc, pansi pa Windows Update, pa lamulo lakuti Do not include drivers with Windows Updates.

Poyerekeza ndi mapulogalamu aja olonjeza kukonza madalaivala onse ndi batani limodzi, amene amapezeka pa maflashi a amisiri ambiri, DDU ili patali. Mapulogalamu amenewo amasintha madalaivala makumi awiri kuti akonze mmodzi, saonetsa bwino kumene awatenga, ndipo chinthu chikasokonekera simudziwa kuti wayambitsa ndi uti. Pa kompyuta imene mumadyerapo, zimenezo n'zosayenera. Kufomata nakonso n'kugwetsa nyumba chifukwa cha lata limodzi lodontha. Mumataya mabulashi, ma action, ma preset ndipo mwina catalog ya Lightroom, kenako Windows imaikanso dalaivala yemwe uja. Ngati mukupita nayo kwa mmisiri, palibe cholakwika, alipo odziwa ntchito yawo mumzinda muno. Koma muuzeni mwaulemu kuti, “Achimwene, tisanachite chilichonse tatiyeni tione Feature Levels.” Wodziwa atsegula dxdiag pomwepo muli chiimire. Akayamba ndi kutulutsa flashi ya Windows, nyamulani laputopu yanu.

Dalaivala akalowa, ntchito siinathe. Mu Photoshop pitani ku Help, GPU Compatibility, muone ngati zonse zachongedwa, kenako Edit, Preferences, Performance, mutsimikize kuti Use Graphics Processor ndi yoyatsa ndipo dzina la khadi ndi lolondola. Laputopu ya makhadi awiri iuzeni loti igwiritse ntchito: Settings, System, Display, Graphics, sankhani Photoshop, muiike pa High performance. Chitaninso chimodzimodzi ndi kafayilo ka sniffer.exe kamene kali m'foda ya Photoshop, chifukwa ndi kamene kamafufuza khadi poyaka, ndipo kakaona lina, Photoshop n'kugwiritsa ntchito lina, chisokonezo chimayambira pamenepo. Lightroom Classic ndi Camera Raw zili ndi khalidwe lina. Zikagwa chifukwa cha GPU zimalemba kafayilo ka dzina loyamba ndi TempDisableGPU m'foda ya CameraRaw m'kati mwa AppData, kuti zisayesenso. Kafayiloko kakatsala, pa Use Graphics Processor pamakhalabe potuwa ngakhale dalaivala ali bwino. Tsekani pulogalamu, kafufuteni, tsegulaninso. Kugwira Ctrl, Alt ndi Shift poyatsa Photoshop kumabwezera zosankha zonse pachiyambi, koma kukhale komalizira, mutasunga kaye mabulashi ndi ma action anu.

Pali vuto lina limene limavala nkhope ya dalaivala, makamaka mu Okutobala ndi Novembala kukatentha, fumbi la chilimwe litadzaza kale m'mafani. Sikirini imada kwa kanthawi, n'kubwerera ndi uthenga woti dalaivala anasiya kuyankha koma wachira. Windows imadikira GPU masekondi 2, ikapanda kuyankha imamuyatsanso dalaivalayo. Ngati zimenezi zikuchitika pokhapokha mukatulutsa zithunzi 300 nthawi imodzi kapena mukamayendetsa Denoise, fani ikulira ngati chigayo, vuto ndi kutentha. Task Manager imaonetsa kutentha kwa khadi lapadera patsamba la Performance. Mankhwala ake ndi kutsegula makina, kupukuta fumbi pa fani ndi pazitsulo zotulutsa mpweya, ndi kusintha phala loziziritsa purosesa. DDU ilibe gawo pamenepa. Momwemonso RAM: graphics ya Intel ilibe memori yakeyake, imabwereka ku RAM, ndiye pa makina a 4 GB palibe chobwereka. Photoshop imafuna 8 GB poyambira, ndipo 16 GB ndi imene imapumitsa.

Nanga amene khadi lawo lathera pa 11_0 kapena 11_1? Zimitsani Use Graphics Processor, ndipo mu Lightroom Classic muike pa Off. Kudula, Curves, Healing Brush, ma layer, kukonza zithunzi za pasipoti ndi kusindikiza, zonse zimayendabe. Mutaya Oil Paint, Perspective Warp ndi Scrubby Zoom, ndipo Denoise idzatenga nthawi yaitali kwambiri pa chithunzi chimodzi. Photoshop ina ili ndi Older GPU Mode pansi pa Technology Previews, yoyenera kuiyesa ngati mwaipeza. Pa malaputopu ambiri khadi silisinthika, linawotchereredwa pa bolodi, ndipo wina akakulonjezani kuti alikweza, funsani bwino. Pa desktop limasinthika, koma samalani ndi GT 710 ndi GT 730. Makhadi amenewa ndi otsika mtengo, pabokosi amalemba DirectX 12 ndi 2 GB kapena 4 GB, koma feature level yake ndi 11_0, ndipo NVIDIA inasiya kuwatulutsira madalaivala atsopano mu 2021. Kugula limeneli n'kugula chenjezo lomwe lija ndi ndalama zanu. GT 1030 imafika 12_1 ndipo siifuna chingwe chapadera cha magetsi, koma ilipo mitundu iwiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4 imene ili yofooka kwambiri, komanso banja lake lonse la GTX 10 linalandira madalaivala ake omalizira kumapeto kwa 2025, kwatsala zokonza za chitetezo zokha. Ngati thumba likulola, yambirani pa GTX 1650 kupita m'tsogolo, mutayeza kaye ngati likwana m'bokosi la desktop yanu, popeza ma desktop ang'onoang'ono a m'maofesi amafuna khadi lalifupi. A Mac nkhani yonseyi siikuwakhudza, madalaivala awo amabwera pamodzi ndi macOS.

Chotsala ndi mitundu, ndipo ichi ndi chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri chifukwa sichionetsa chenjezo lililonse. Masitudiyo ambiri amagwiritsa ntchito TV ngati sikirini kudzera pa HDMI. Dalaivala watsopano akaona TV amatha kusankha yekha kutumiza kuwala kochepetsedwa, kuyambira 16 mpaka 235 m'malo mwa 0 mpaka 255. Sikirini ikamayembekezera kuwala konse, suti yakuda ya mkwati imaoneka yotuwa ngati yachapidwa kambiri, ndipo diresi loyera limazilala. Wokonza zithunzi, pokhulupirira maso ake, amawonjezera mdima, ndiye papepala nkhope za anthu akuda zimatuluka zitamira, tsitsi ndi suti zitasanduka chinthu chimodzi. Mu NVIDIA Control Panel pitani pa Change resolution, sankhani Use NVIDIA color settings, muike Output dynamic range pa Full. Kwa AMD ndi Pixel Format, musankhe Full RGB, ndipo kwa Intel ndi Quantization Range. TV nayonso iyenera kugwirizana nazo pa chosankha chake cha mulingo wa mdima wa HDMI, apo ayi mbali zakuda zidzaphwanyika. Ngati munayezetsa sikirini yanu, lembani colorcpl pa Windows ndi R, muone ngati profile yanu ikadali yosankhidwa. Kenako tengani chithunzi chimodzi chimene munasindikizapo kale chikatuluka bwino, chokhala ndi nkhope, chovala chakuda ndi choyera, chiikeni pambali pa sikirini muyerekeze, ndipo musindikize chimodzi cha 4 kwa 6 musanatumize alubamu yonse ya anthu.